Mutu 5: Pansi pa Dengu la Masika

1. Mtengo wa kansalu koyera

Kuseri kwa nyumba ya a Piedade, m'mudzi wina kufupi ndi Thambani, kunali mitengo ya manachesi. Yonseyo inali ya malonda, kupatula umodzi umene unali pafupi ndi nkhokwe. Pa nthambi yake ya m'munsi panali kansalu koyera komangidwa mfundo.

Anamanga kansaluko ndi a Piedade eni ake. Iwo anamwalira mvula itangoyamba, koma kansalu kanatsala. Mvula inakanyowetsa, dzuwa linakawamba, kanayamba kuthothoka m'mbali, koma mfundo yake sinamasuke.

Mwana wawo wamkazi, Julieta, mtsikana wa Fomu 2 wosayankhulayankhula, sankakonda kuyang'ana kansaluko. Mphepo ya mwera ikawomba, kankagwedezeka ngati dzanja la munthu amene akukuitana mobisa. Nthawi zina masana, pakhomo pali zii, chipatso chinkagwa pa masamba ouma, ndipo Julieta ankacheuka msanga poganiza kuti ndi phazi la mayi ake.

Nkhani ya mtengowo ankaidziwa bwino, chifukwa a Piedade ankaibwereza chaka ndi chaka pothyola zipatso.

"Julieta, iwe ndi mtengo uwu ndinu amapasa," ankatero. "Pakati pa mchimwene wako ndi iwe ndinaika ana awiri m'manda. Iwe utabadwa unali ngati kambewa, kulira kwake kosamveka. Ndinagwada pomwe pano n'kunena kuti, Ambuye, mukandisiyira uyu, mtengo umene ndikudzalawu ndi wanu. Sindinanene kuti theka. Sindinanene kuti nthambi za kum'mawa zokha. Ine kuno ndinabwera ndili kumsana, tikuthawa nkhondo ku Mozambiki, opanda ngakhale mphika. Chilichonse ukuona pakhomo pano n'chopatsidwa. Tsono munthu wopatsidwa satsinako akamapereka. Zipatso za mtengo uwu zimapita ku masika zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Ngakhale ine kulibe, usadzaiwale."

Masika ndi Lamulungu limene Akhristu amabwera ndi zokolola zawo ku tchalitchi. Ku mpingo wa kwawo kwa Julieta, mapemphero akatha akulu a mpingo ankagawira zinthuzo okalamba ndi odwala. Chaka chino anali masika oyamba opanda a Piedade.

2. Kupakira kwa pa depoti

Chaka chimenecho mitengo ina ija inabereka tizipatso tokwinyika, tambiri tobooledwa ndi mbozi. Koma mtengo wa kansalu unabereka mpaka nthambi zake kuzichirikiza ndi mphanda. Anthu odutsa ankaima n'kumauyang'ana.

Mmodzi mwa amene anaima anali a Kinsley, venda wa pikapu amene ankapikula zipatso kupita nazo ku Blantyre. Anabwera nawo ndi Horacio, mchimwene wake wa Julieta. Horacio ankagulitsa manachesi pa depoti ku boma, akuthamangira mawindo a basi, ndipo ntchitoyo inali itamukwana. A Kinsley anamuuza kuti akawapatsa zipatso za mtengo umenewo adzamutenga kuti aziyenda nawo pa galimoto. Anapangana kuti a Kinsley adzabwere Lamulungu masana, anthu ali ku tchalitchi.

Loweruka madzulo Horacio anatulutsa dengu lalikulu la mayi awo lija n'kuitana Julieta kuti aone mmene amuna amagwirira ntchito.

Pansi pa dengu anaikapo manachesi ogwa okha a mitengo ina ija, ofewa ndi osweka. Pakati anayalapo udzu wouma, wambiri ndithu. Atatero anapita pa mtengo wa kansalu, nathyola zipatso zochepa zazikuluzikulu, kusiya timasamba tiwiri pa chilichonse kuti zioneke zatsopano. Anazipukuta ndi malaya ake mpaka zinawala, n'kuzisanja pamwamba ngati chulu.

"Umu ndi mmene timapakira pa depoti," anatero akuseka. "Wogula amakazindikira basi ili pa Zalewa."

Julieta anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukanda dothi.

"Koma achimwene, amayi ankati zonse."

"Amayi ankati, amayi ankati. Nanga ali kuti amayiwo? Anapereka zonse chaka ndi chaka, matenda anawasiya? Mulungu sadya manachesi, Juli. Ine ndi amene ndimadya fumbi la mabasi kuti iwe upite kusukulu. Ndipo kutchalitchi kuja ndani amapisa dzanja m'dengu? Uvina nalo, utula, amayi aimba nthungululu, basi zatha."

Horacio anamugwira Julieta tsaya monga ankachitira ali ana, n'kumuuza kuti sakuda naye nkhawa, chifukwa pakamwa pake panamatidwa ndi ulimbo chibadwire.

Koma Julieta anali ataona chinthu chimodzi. Nthawi yonse imene Horacio ankathyola zipatso, anaima mbali ina ya mtengo, atafulatira kansalu kaja.

3. Njira ya kumanda

Lamulungu kunacha ndi chifunga. Julieta anafuna nkhata yosenzera dengu koma sanaipeze, ndiye anatenga chitenje chakale cha mayi ake pa chingwe cha m'chipinda n'kuchipinda. Chitenjecho chinali chikununkhirabe makoko a manachesi ndi utsi, fungo la m'manja mwa a Piedade.

Horacio anamutwika dengu. Sanamuyang'ane kumaso. Anati iye atsala, mutu ukumupweteka.

Njira yachidule ya ku tchalitchi imadutsa m'mbali mwa manda. Chimwalirire mayi ake, Julieta ankazungulira ku msewu, koma tsikuli anachedwa. Atafika pamene mitengo ya kumanda imayambira, mbalame zonse zinali chete. Anafulumiza mapazi, maso ali kutsogolo.

Pamenepo kanthu kozizira kanamukhudza pakhosi, kumbuyo. Kanatsetsereka pang'onopang'ono kulowa m'bulauzi, ngati chala.

Julieta anaima. Sanayerekeze kucheuka. Kanthu kaja kanamukhudzanso, pamalo omwewo.

Atapititsa dzanja pakhosi, linabwerako lonyowa ndi lonunkha. Anali madzi a manachesi owola aja. Anali atadutsa m'mipata ya dengu, kulowerera chitenje cha mayi ake, n'kuyamba kudontha.

"Kodi si mwana wa Piedade uyu?"

Anali mayi Flossie, mnzawo wa malemu wa ponda apa nane mpondepo, akubwera m'mbuyo atasenza lichero la mtedza. Atamupeza anaima n'kuyang'ana dengu lija, misozi ili m'maso. Anati ali patali mtima unawagunda, chifukwa kayendedwe ndi kasenzedwe zinali za Piedade yemwe.

Anayenda limodzi. Mayi Flossie ndi amene ankayankhula, Julieta akungovomera.

"Mayi ako sankadziwa kuimba, usanamizidwe," anatero. "Mawu awo anali ngati chitseko cha malata. Ku kwaya tinawakana kawiri. Koma akagwada, mwanawe, unkachita manyazi ndi pemphero lako. Ena a ife timagwada bondo lili pansi, mtima uli ku chigayo. Iwo ankagwada thupi ndi mtima womwe. Usamale, chifukwa kuzolowera tchalitchi n'koopsa kuposa kusapitako. Munthu umafika podziwa poimirira, pokhala ndi poyankha ameni, koma mkatimo mulibe munthu. Ine ndakalamba ndikulimbana nazo zimenezo."

Kenaka anamuuza kuti akulu a mpingo agwirizana kale za dengu limeneli. Lipita lonse kwa a Cristovao, nkhalamba yosaona imene inkakhala kuseri kwa msika. A Cristovao ndi amene anabereka a Piedade kumsana powoloka malire nthawi ya nkhondo, ndipo chaka chilichonse ankafunsa za manachesi a mtengo umenewu.

"Maso alibe, koma manja awo amaona," anatero mayi Flossie. "Amachita kusisita chimodzichimodzi mpaka pansi pa dengu."

Dontho lina linagwera pakhosi pa Julieta.

4. Nsupa yosweka

M'tchalitchi munali mutadzaza. Kutsogolo anayalako mikeka yolandirira zopereka. Julieta anakhala kumbuyo, mbali ya amayi, dengu lili pamapazi pake. Sipanapite nthawi, ntchentche ziwiri zitatu zinayamba kulizungulira. Iye anafunditsa m'munsi mwa dengu ndi siketi yake.

Abusa sanabwere tsikulo. Analalikira a Sungani, mkulu wa mpingo, bambo wowonda amene ankakonza njinga pa Thambani. Anawerenga Marko mutu 14, nkhani ya mayi amene analowa m'nyumba mmene Yesu ankadya, atatenga nsupa ya mafuta onunkhira a mtengo wapatali, n'kuwatsanulira pamutu pake. Atatseka Baibulo anavula magalasi.

"Abale, ine chimene chimandisowetsa mtendere pa nkhaniyi si mafutawo ayi. Ndi nsupayo. Mayiyu akanatha kutsegula bwinobwino, kudonthezera pang'ono, n'kutsekanso. Anthu akanamuyamika, iye n'kubwerera kwawo ndi mafuta ake. Koma anaiswa. Nsupa yosweka sibwerera kunyumba. Nsupa yosweka siibisa zimene zili mkati. Aliyense amene anali m'nyumbamo anaona zonse zimene mayiyu anali nazo, mpaka dontho lomaliza.

"Ndipo musaganize kuti anamuombera m'manja. Anamukalipira. Anati wawononga. Kupembedza ndi mtima wonse nthawi zina kumakuvula pamaso pa anthu. N'chifukwa chake ambirife timabwera ndi nsupa zotseka. Timazikweza m'mwamba kuti anzathu azione, timaimba nazo, timavina nazo, tikatero timabwerera nazo. Koma Ambuye anati mayi ameneyu wachita chimene akanatha. Sanati wachita zooneka bwino. Yohane polemba nkhani yonga yomweyi akuti nyumba yonse inadzaza ndi fungo. Tsono ndikufunseni, ana inu ndi akulu omwe: nsupa yanu itasweka lero, muno mungadzaze fungo lanji?"

Anthu anayankha ameni monga mwa masiku onse. Bulauzi ya Julieta inali itamatirira kumsana.

Ng'oma inayamba. Anthu anandandalika pakati pa tchalitchi, akuvina pang'onopang'ono kupita kutsogolo. Ena anasenza chimanga, ena maungu, ena mbatata ndi mitolo ya nzimbe. Mnyamata wina anakumbatira tambala amene ankalira motsutsana ndi kwaya, ana n'kumaseka.

Mayi Flossie anamutwika Julieta dengu. Atangolowa pamzere, amayi anaimba nthungululu. Zipatso za pamwamba zija zinkawala ngati zapakidwa mafuta. Wina anati Piedade sanafe, wasiya mbewu.

Kutsogolo, pa benchi ya okalamba, panali a Cristovao, ndodo ili pakati pa miyendo. Anatembenuza nkhope yawo kulunjika kumene kunkachokera nthungululuzo, akumwetulira, manja awo atatambasuka kale pa mawondo.

Julieta anafika pa mkeka. Ntchito inali yochepa: kugwada, kutula, kubwerera. Dengu likanakhala pakati pa madengu ena, ndipo palibe akanadziwa mpaka madzulo, m'kanyumba ka kuseri kwa msika, nkhalamba ili yokha.

Anagwada. Anatsitsa dengu mpaka pa mawondo. Anayang'ana manja a a Cristovao.

Kenaka analipendeketsa, n'kulikhuthula lonse.

Zipatso zabwino zija zinagubuduka kulowa pansi pa mabenchi. Pambuyo pake panagwa udzu, chimtolo chonse. Pomaliza panakhuthuka zowola, zophwanyika, zina zitachita nkhungu yobiriwira, madzi ake akuyenderera pa mkeka.

Woimba ng'oma anaimenya kawiri n'kusiya. Kwaya inapitirira pang'ono, mawu akuthothoka mmodzimmodzi, mpaka kunatsala mtsikana mmodzi amene naye anadzigwira pakamwa. Fungo linakwera. Linafika ku guwa, linafika kumbuyo kwa abambo, linadzaza tchalitchi chonse. Amayi ena anaphimba mphuno ndi zitenje. Kumbali ya anyamata wina anati, "Za pa depoti izi," ndipo anzake anaseka chamumtima.

Julieta anali chigwadire. Pamene anayankhula, mawu ake anali aang'ono, koma m'tchalitchimo munali zii moti anamveka mpaka kukhomo.

"Awa si a mtengo wa amayi. A amayi ndi okhawo agubudukawo. Ena onse atsala kunyumba."

A Sungani anatsika pa guwa n'kuima pafupi naye. Anamufunsa motsitsa mawu kuti anapakira dengulo ndani.

"Ndasenza ndine," anatero Julieta.

A Sungani sanafunsenso. Anatembenukira kumbali ya anyamata kuja.

"Amene waseka, abwere adzakhuthule lake. Ndikudikira." Palibe anasuntha. "Mwana uyu walakwa posenza bodza kuchokera kunyumba mpaka pano, ndipo iye akudziwa. Koma akanatha kulitula bodzalo mwaulemu, ife n'kumuimbira nthungululu. Ine ndalalikira za nsupa zaka zambiri, ndipo ndinkaganiza kuti yoyenera kusweka ndi ya mafuta onunkhira yokha. Fungo ili silabwino, abale. Koma ndi loona. Mulungu angayambe ntchito ndi fungo loona. Ndi dengu lotseka sangayambe nalo kanthu."

Chipatso chimodzi chinali chitaima pa phazi la a Cristovao. Nkhalambayo inawerama, inachifufuza ndi dzanja, n'kuchitola. Inachisisita, inachinunkhiza, inayamba kusenda ndi chikhadabo.

"Ichi ndi cha Piedade," inatero. "Julieta, mwana wa mwana wanga, uli pati? Enawo ndidikira. Ine sindithamangira kulikonse."

Julieta anawola zowola zija ndi manja n'kuzibwezera m'dengu. Mkeka anaupukuta ndi chitenje cha mayi ake. Mayi Flossie anagwada kuti amuthandize, nkhope yawo itagwa. Atatha, Julieta ananyamula dengu n'kutuluka, maso a mpingo wonse ali pamsana pake. Anatayira zowolazo kudzala la kuseri kwa tchalitchi.

Apo m'pamene anayang'ana dzuwa. Chifunga chinali chitachoka, ndipo mthunzi wake unali pansi pa mapazi. Anakumbukira a Kinsley.

5. Matumba

Anathamanga. Anadutsa pa manda paja osazindikira n'komwe kuti wadutsapo, dengu lopanda kanthu likumumenya m'chiuno.

Atafika kuseri kwa nyumba anaima chilili. Mtengo uja unali mbee. Mphanda zinali zitagwa, nthambi zitabwerera m'mwamba, zopepuka, ngati munthu amene walandidwa mwana m'manja. Pansi panali masamba okhaokha.

Zipatso zinali zisanapite. Zinali m'matumba osokedwa pakamwa, atawasanjika m'mbali mwa nkhokwe, moyang'ana njira ya galimoto. Horacio panalibe. Njinga yake panalibenso.

Julieta anayang'ana nthambi ya m'munsi ija. Inali itathyoka, mwina Horacio anaiponda pokwera. Anaipeza pansi, pakati pa masamba. Kansalu kaja kanali pomwepo, mfundo ya mayi ake ili chimangire.

Kwa nthawi yoyamba chimwalirire a Piedade, anakagwira. Kanali kofunda ndi dzuwa. Sanamasule mfundoyo. Anangosolola kamtengo kothyokako, n'kutenga kansalu kukakoloweka pa khutu la thumba la pamwamba, pamene aliyense wobwera akanakaona.

Atatero anakwera pa matumbapo n'kukhala, manja ali pa mawondo. Manjawo ankanunkhabe zowola.

Sanadikire nthawi yaitali. Kumunsi kwa mudzi kunamveka kulira kwa injini, kenaka agalu, kenaka fumbi linaoneka pamwamba pa mapesi a chimanga. Pikapu yoyera inakhota pa mtengo wa mango n'kulowa pabwalo chobwerera m'mbuyo. Horacio anali ataima kumbuyo kwake pamodzi ndi njinga, akuwongolera dalaivala ndi dzanja, akuseka.

Atatembenuka, kuseka kuja kunatha. Anaona mlongo wake. Anaona dengu lopanda kanthu pansi. Kenaka maso ake anagwera pa kansalu, ndipo ulendo uno panalibe mbali ina ya mtengo yoti aimeko.

Anatsika pang'onopang'ono. A Kinsley analiza hutala.

"Juli, dzuka pamenepo," anatero Horacio, mawu ali otsika.

Chibadwire Julieta anali asanawakanirepo achimwene ake kanthu kalikonse.

"Sindidzuka, achimwene. Awa ali ndi mwini wake."

Hutala inaliranso, nthawi ino motalika. Horacio sanasunthe, Julieta sanasunthe. Mphepo ya mwera inadutsa pabwalo, kansalu kaja n'kuyamba kugwedezeka pakati pa awiriwo.

Injini inazima. Chitseko cha pikapu chinatseguka, ndipo nsapato ya a Kinsley inaponda pansi.